Pulawo Yonyezimira ya a Orval

A Orval Tibbets tinawaika m'manda chaka cha 2003, ndipo pamaliro awo tinalipo anthu khumi ndi anayi, kuphatikiza abusa ndi wokumba manda. Ndinawerenga dala chifukwa ndinali nditapsa mtima. Munthu amene zaka makumi anayi sanajombepo pamaliro a wina aliyense m'chigwa chathu cha Hollis Creek, ku Idaho kuno, n'kuperekezedwa ndi anthu osadzaza n'komwe mabenchi awiri. Koma musanayambe kutukwana anthu akwathu, imvani kaye nkhani yonse, popeza inenso wokambane ndili ndi mbali yanga, ndipo si yokoma.

Ine ndine Verla Stoddard, wamasiye. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinagwira ntchito ku ofesi ya khonsolo yoona za zomera zowononga minda. Anthu ankanditcha Mayi Mbendera chifukwa cha timbendera tofiira timene ndinkazika m'minda mwawo. Sankandikonda, nanenso sindinkawanyengerera.

Kwathu kuno mwamuna akamwalira timamuika pakati pa sabata, koma maliro enieni amatha Loweruka. Loweruka loyamba limene nthaka yalola, amuna a m'chigwa chonse amabwera ndi mathirakitala awo n'kulima munda wa wamasiye tsiku limodzi, kuchokera kumpanda uku mpaka kumpanda uko. Palibe amene amaitana anzake. Akazife timaphika mbatatesi za pamaliro zothira tchizi, ndi nyama ya mbawala ngati wina akadali nayo, amuna n'kudya chiimire masana. Munthu akafa m'nyengo ya chipale, munda wake umadikira mpaka Epulo.

A Orval ndiwo anali mwini wake wa Loweruka limeneli, ngakhale palibe anawasankha. Anabadwa mu 1926 pa famu imene anaferapo. Bambo awo anapita msanga, ndipo anansi anabwera ndi akavalo kudzawalimira mayi awo. Iwo sanaiwale. Sanakwatire. Akuti anafunsirapo mbeta kamodzi, mphunzitsi wina wamtali, ndiye mayiyo atawafunsa zimene amakonda m'moyo, iwo anayamba kufotokoza mitundu ya girizi mpaka khofi anazizira. Kutchalitchi sankaimba, kuzisangalalo sankavina, ndipo mukawapatsa moni wautali ankayang'ana nsapato zawo. Koma mbiri ya maliro ikangomveka, ankasanduka munthu wina. Ankadziwa thirakitala ya ndani iyambire kumpoto, ya ndani ikhale pambuyo chifukwa mwini wake amakhotetsa mizere, ndipo amuna okhala ndi minda yoposa yawo kakhumi ankawamvera osayankha. Anzawo ankawaseka kuti ndi mwamuna wa amasiye onse. Iwo ankangofiira makutu, koma ndikudziwa kuti dzinalo linkawakomera. Analibe mwana, analibe mkazi, munda wawo unali waung'ono. Chimene anali nacho ndi dzina limenelo basi.

Pulawo yawo inali ya mbale zachitsulo makumi awiri ndi zinayi, zotungidwa pamtanda. Mbale zotere zikakhala osagwira ntchito zimachita dzimbiri. Ndiye kumunsi kwa malo awo, kuseri kwa kamtunda, kunali kadera ka mchenga kosabereka kanthu. M'mawa wa Loweruka la maliro, asananyamuke, ankayendetsa pulawo mumchengamo kasanu kapena kupitirira, mpaka mbale zonse zitawala ngati masupuni otsuka ndi phulusa. Tonse tinkadziwa zimenezi ndipo tinkazitama.

Mwamuna wanga Doyle mtengo unamugwera kunkhalango komwe ankadula mitengo, mu Malichi 1979, chipale chitasungunuka msanga chaka chimenecho. Loweruka lake ndinamva thirakitala ndisanateleke n'komwe khofi. Nditatuluka ndinapeza a Orval atayima pachipata, chipewa chili m'manja, pulawo ikuthwanima kumbuyo kwawo.

"Achimwene, anzanu sanadzuke n'komwe," ndinatero.

"Adzatipeza, chemwali. Doyle ankayambira mbali iti?"

"Kumtsinje. Koma pulawoyi mwaipukuta ndi chiyani, ngati mukupita nayo ku ukwati?"

"M'munda mwa malemu salowamo ndi dzimbiri. Chimakhala chipongwe."

Sabata yonseyo ndinali ndisanalire bwinobwino, koma apo ndinalira. Mzere woyamba ankadula ndi iwo nthawi zonse, ndipo ankazungulira munda wonse m'mphepete asanalole wina kulowa. Ndinayima pakhonde n'kumawaonerera. Ndikunena mosabisa, tsiku limenelo ndinawakonda bambo amenewa kuposa abale anga enieni.

Patatha zaka zitatu m'munda mwanga munayamba kuoneka chomera chowononga chotchedwa chimafupa. Timachitcha choncho chifukwa chikakula chimayoyola masamba n'kutsala timitengo tokhatokha towonda, tolukanalukana, kufika m'chiuno. Chikadali chaching'ono chimangoyala masamba pansi, munthu n'kuchiponda osachiona. Mukachithyola chimatuluka mkaka womata. Mkaka umenewu ndi umene unatseka makina okolola a munthu amene ankandikololera tirigu, mpaka chaka chachitatu anandiuza kuti ndifune wina. Muzu wake umalowa pansi kupitirira msinkhu wa munthu. Mukazula, umaduka, pamene panali chimodzi pamatuluka zinayi. Mukalima, ndiye mwachichitira chifundo, chifukwa kachidutswa kalikonse ka muzu, ngakhale kafupi ngati chala chakumapeto, kamamera pakokha. Ng'ombe zimachidya chikadali chanthete, chikauma zimangochizungulira. Mu 1985 ndinasiya kudzala. Munda umene Doyle anachotsamo miyala ndi manja ake unasanduka wotuwa ngati tsache lakale.

Ntchito ya kukhonsolo ndinailowa chifukwa cha mkwiyo umenewo. Bwana wanga anali Harlan Quist, bambo wodekha mpaka kunyansa, wosuta kaliwo wosayatsa. Ine ndinkayenda m'minda ndi m'mapiri, kugwada, kuyang'ana tiubweya tofiira tolozera pansi timene timakhala patsinde pa chimafupa, kuzika mbendera, kuyeza kukula kwa malowo ndi mapazi. Harlan ankalemba zonse pamapu aakulu a pakhoma. Chisanu choyamba chikagwa tinkapopera mankhwala, chifukwa nthawi imeneyo chomeracho chimakokera zonse kumizu. Tinabweretsa tizilombo totupitsa maluwa ake, tinabweretsa chiwawu chake. Chinkafooka pang'ono, chaka chamawa n'kutiseka. Mbewu zake zimauluka ndi mphepo ngati thonje, ndiye aliyense ankati mphepo, mphepo. Koma anthu sakhutira ndi mphepo, chifukwa mphepo sungaitengere kubwalo.

Ndiye anapeza nkhosa. Epulo aliyense Eusebio Larrinaga, Mbasiki, mtundu wa oweta nkhosa ochokera kutsidya kwa nyanja, amene tonse timamutcha Sebio, ankadutsitsa nkhosa zake zikwi ziwiri mumsewu wa m'chigwa kupita kumapiri, monga ankachitira bambo ake. Anthu anayamba kunena kuti mbewu zimabwera mu ubweya. Amene anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri anali a Orval. Iwo anaona zimene ena sanaone, kuti minda yowonongeka kwambiri inali ya amasiye, ndipo zinkawawawa ngati wina akuwabera ana. Mu 1994 analemba kalata yopempha khonsolo kuti itseke msewu wa nkhosa, n'kumayenda nayo khomo ndi khomo. Munthu wosayankhula uja, mwadzidzidzi pakamwa panatseguka.

Ndinawapeza tsiku lina kusitolo ya mbewu, pamene amuna amamwera khofi, atayala kalatayo patebulo. Sebio anali pomwepo akugula mchere wa nkhosa.

"Sebio, bwera usayine nawe," anatero mmodzi, ena n'kuseka.

"Ndisayina ndi chiboda cha nkhosa," anayankha Sebio. Kenako anatembenukira kwa a Orval. "Akulu, nkhosa zanga chimafupa chanucho zimachidya. Mukanaziphikira tiyi pothokoza."

"Zimachidya kukamwa, n'kuchidzala kumbuyo," anatero a Orval. "Pita ukaone munda wa Opal Nystrom. Ukaone wa chemwali Verla awa. Amayi opanda amuna, alakwa chiyani?"

"Ine mundisiye, achimwene," ndinatero. "Ndili ndi pakamwa panga."

"Pakamwa muli napo, tonse tikudziwa. Cholembera ndi ichi."

Sindinasayine, koma osati chifukwa cha nzeru. Wa khonsolo saloledwa. Mumtima ndinali nawo.

Khonsolo inaitanitsa msonkhano Lachinayi la sabata yachiwiri ya Epulo, ndipo inauza Harlan kuti abweretse mapu. Lolemba la sabata yomweyo Gene Keeling anagwa m'khola la ng'ombe, mtima, n'kusiya mkazi wake Lorna ndi munda wa tirigu woyera bwino, wopanda chimafupa ngakhale chimodzi. Ndikudziwa chifukwa ndinauyenda ndekha.

Lachiwiri Harlan anandiitana kuti ndimuthandize kukonza mapuwo. Anali atajambula msewu wa nkhosa ndi choko chabuluu.

"Mayi Stoddard, tayang'anani," anatero, kaliwo ali pakamwa. "M'mbali mwa msewu wa nkhosa ndi moyera kuposa pena paliponse. Sebio sakunama. Timadontho iti ta m'mapiri ndi mphepo, tangomwazika. Koma izi zikundizunguza mutu." Analoza zigamba zofiira khumi ndi chimodzi. "Minda yotalikirana, ina kumpoto, ina kumwera, pakati pake poyera. Ndipo malinga ndi mabuku anu, m'minda yonseyi chinayambira m'mphepete, kuzungulira ngati mpanda, kenako n'kulowa m'kati. Mphepo yanji imene imayenda m'mphepete mwa munda?"

Harlan anali wobwera, wa ku Oregon. Kwa iye zinali zigamba zofiira. Ine ndinayang'ana n'kuona maliro. Apa a Nystrom, khansa. Apa a Brandt, thirakitala inawagubudukira. Apa a Dorsey. Apa Doyle wanga. M'minda yonseyo ndinaphikamo mbatatesi. Ndinakhala pampando osaufuna.

"Mwatani, mayi?"

"Ndibwereke galimoto," ndinatero.

Ndinadziwa kuti masana amenewo a Orval ali kwa Lorna kuthandiza kudyetsa ng'ombe. Ndinalowa pamalo awo ngati mbala n'kukwera kamtunda kaja. Zaka khumi ndikuyendera minda ya anthu, ndikukangana ndi agalu awo, ndikutukwanidwa, kumchenga kuja ndinali ndisanapondeko. Simunkadzalidwa mbewu, kunali kobisika, ndipo mwini wake anali a Orval. Ndani amayendera a Orval? Mbali yanga ija ndi imeneyo.

Mchenga wonse unali masamba a chimafupa, oyalana osasiya popondapo. Chiyenera kuti chinafika kalekale ndi mphepo, kambewu kamodzi, n'kupeza mchenga umene chimaukonda. Ndiye pulawo inkachidula maliro aliwonse, n'kumachichulukitsa. Ndinabaya fosholo pansi. Munali mizu yokhayokha yoyera, yolukana ngati zingwe. Ndinatukwana mokweza, ndekhandekha, mawu amene sindingawalembe pano.

Lachitatu tinaika Gene. A Orval ananyamula nawo bokosi, suti yawo yakuda ya pamaliro itafupika manja. Pamanda anandinong'oneza kuti Loweruka ndibweretse ketulo yaikulu chifukwa kubwera mathirakitala khumi ndi awiri. Ndinangogwedeza mutu. Ndinkafuna kuti Harlan ataye mapuwo mumtsinje. Ndinamupempha ndithu, madzulo omwewo, kuti tingonena kuti nkhosa zilibe mlandu basi, zina tizisiye.

"Nanga Loweruka?" anafunsa Harlan. "Pulawo ija ikalowa m'munda mwa Lorna?"

Munthu wodekha amakwiyitsa kwambiri akamanena zoona.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa a Orval. Ndinawapeza pabwalo akuthira girizi m'pulawo, pokonzekera Loweruka.

"Mayi Mbendera," anatero akumwetulira. "M'mawa uno? Mwabwera kudzandifunsira?"

"Mukanalota. Pulawoyi munaigwiritsa liti komaliza?"

"Okutobala, kwa mayi Dorsey wamng'ono. Bwanji?"

"Munaitsukapo ndi madzi chigulireni?"

"Madzi? Kuti ichite dzimbiri? Mchenga umatsuka bwino kuposa madzi, chemwali. Inu mumayendera udzu, pulawo tisiyireni eni ake."

Ndinagwada, ndinalowetsa dzanja pakati pa mbale ziwiri, pamtanda pomwe dothi limakakamira. Kunja mbale zinkawala, koma m'katimo munali dothi louma lochindikala ngati njerwa. Ndinagumula chibuma n'kuchiphwanya m'manja mwanga pamaso pawo. Munali tizidutswa ta mizu, touma tsopano chifukwa cha miyezi, koma todziwika bwino.

"Izi zafa," ndinatero. "Koma m'mawa wa Loweruka zimakhala zamoyo. Kuchokera kumchenga kwanu kukafika kwa wamasiye ndi ola limodzi. Pulawo ikangolowa pansi, zimagwa. Mzere woyamba, m'mphepete."

Anandiyang'ana ngati ndikuyankhula Chibasiki.

"Tiyeni kumchenga," ndinatero.

Tinakwera kamtunda. Ndinawasonyeza masamba, ndinathyola tsinde kuti aone mkaka. Iwo anati amadziwa kuti pali kaudzu kena pamenepo, koma sikakula, chifukwa amakadula ndi pulawo kawirikawiri. Anati ankaganiza kuti akukapha. Mawu awo anayamba kuchepa pamene ankanena zimenezi, mpaka anangosiya chiganizo panjira. Anatenga fosholo m'manja mwanga, anakumba okha, anatola muzu n'kumauyang'ana nthawi yaitali.

"Minda ingati?"

"Khumi ndi umodzi."

"Tchulani."

"Achimwene, sikofunika."

"Verla, tchula."

Zaka zonsezo anali asananditchulepo dzina lokha. Ndinatulutsa pepala limene ndinalembapo mayina a minda ija.

"Opal Nystrom."

"1977. Kunali mphepo. Tinamaliza dzuwa likadali pamwamba."

"Hazel Brandt."

"Mvula inatipeza masana. Tinabwereranso Lolemba."

Ndinapitiriza. Dzina lililonse ankalidziwa chaka chake, nyengo yake, ndi amene anathyola chitsulo tsiku limenelo. Pofika lachisanu ndi chiwiri anasiya kuyankha. Nditamaliza lakhumi ndinapinda pepala.

"Mwati khumi ndi umodzi," anatero.

Ndinalowetsa pepalalo m'thumba.

"Wa Doyle?"

"Wa Doyle."

Anakhala pansi pamchenga pomwepo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, miyendo itatambasuka ngati ya mwana. Ndinkaganiza kuti ndiwamvera chisoni chokhachokha, ndipo chisoni ndinali nacho. Koma pansi pake panali china. Ndinakumbukira Doyle akunyamula miyala, ndinakumbukira ine ndikulira pakhonde pothokoza, ndipo ndinafuna kuwamenya ndi fosholo ija. Ndinachita manyazi, komabe mtima umenewo sunachoke.

"Harlan anena kuti nkhosa zilibe mlandu," ndinatero. "Dzina lanu sitilitchula. Ingodwalani Loweruka. Nenani kuti thirakitala yafa."

Anapukusa mutu. "Kalata ija ndinayenda nayo ndine."

Msonkhano unali masana, muholo ya alimi. Munadzaza, popeza anthu amakonda kuona mnzawo akuthamangitsidwa. Sebio anakhala kumbuyo yekha, manja atapinda. Harlan asanatambasule n'komwe mapu, a Orval anayimirira, chipewa m'manja. Anthu anaomba m'manja, poganiza kuti ayamba za nkhosa.

"Sebio," anatero, "ndinakunamizira. Pepa." Anatembenukira kwa anthu onse. "Chimafupa cha m'minda ya amayi athu ndinabweretsa ndine. Chili kumchenga kwanga komwe ndimapukutira pulawo. Ndinkachinyamula pakati pa mbale. Mayi Stoddard andisonyeza m'mawa uno. Minda khumi ndi umodzi. Sindinadziwe. Ndi zokhazo."

Wina anaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala, kenako anatsokomola. Harlan anapachika mapu n'kufotokoza pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake, ndipo ndinaona mitu ikutembenuka mmodzimmodzi, aliyense akuzindikira munda ndi maliro ake. Palibe anawatukwana. Mwina zikanakhala bwino akanawatukwana.

Amene anayankhula anali Opal Nystrom, amene anasiya famu yake kalekale n'kukakhala m'kanyumba ka m'tauni pafupi ndi mwana wake. Sanayimirire, ndipo sanakweze mawu.

"Orval, ine ndinkati Mulungu wandikwiyira," anatero. "Zaka khumi ndi zisanu ndikufufuza chimene ndinalakwa."

Sebio anadzuka kumbuyo kuja, anadutsa pakati pa mabenchi, anatenga kalata ija patebulo, anaipinda n'kuika m'thumba mwa a Orval, n'kutuluka. Anthu anayamba kumwazika. Pakhomo ankapatuka pang'ono kuti a Orval adutse, mwaulemu ndithu, koma mpata wake unali waukulu kuposa umene munthu mmodzi amafuna.

Loweruka kunacha kozizira, chisanu chitayera pa udzu. Harlan anabweretsa thanki ya madzi ndi paipi, n'kuyima pachipata cha Lorna. Pulawo iliyonse inkatsukidwa isanalowe, mbale ndi mbale, ndipo ine ndinkayang'ana pakati pake ndi tochi ngakhale kunali kutayera. Amuna ankang'ung'udza, koma palibe anakana. Anabwera mathirakitala khumi ndi limodzi. Atatsukidwa onse anangoyima m'mbali mwa munda, injini zikulira, aliyense akuyang'ana mnzake, chifukwa panalibe wodziwa woyamba ndani. Pomaliza anangolowa chisawawa, awiri n'kutsala pang'ono kugundana pakona.

Cha m'ma teni koloko ndinaona galimoto yakale ya a Orval itayima kutali kumsewu waukulu, kumene kuli phula. Sanalowe nayo mumsewu wa kwa Lorna. Anatsika n'kuyamba kuyenda wapansi, mtunda wonsewo, atavala suti yakuda ija. Analibe thirakitala, analibe fosholo, manja ankangolendewera. Ife akazi tinali pabwalo tikuyala matebulo, ndipo mmodzimmodzi tinasiya zimene tinkachita.

Atafika pachipata anayima. Harlan anawapatsa moni n'kutsitsa paipi pansi, kusonyeza kuti adutse. Iwo anayang'ana matope amene anatsukidwa m'mapulawo, anayang'ana mapazi awo. Kenako anatsamira pamtengo wa mpanda, anawerama movutikira, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anavula yoyamba, anavula yachiwiri, anaziika bwinobwino kunja kwa mpanda, moyang'ana kumsewu. Analowa ndi masokosi okha.

Bwalo la Lorna ndi lalikulu, ndipo m'mawa umenewo linali matope osakanikirana ndi madzi oundana. Anayenda pang'onopang'ono, chipewa chili pachifuwa. Sokosi yakumanzere inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda, chitafiira ndi kuzizira. Kumunda mathirakitala awiri anayima, eni ake akuonerera.

Lorna anali pakhonde. A Orval anayima pansi pa masitepe, osakwera.

"Pepani, mayi," anatero. "Gene anali munthu wabwino. Ndabwera kudzangopepesa basi. Kumunda sindifikako."

"Zikomo, a Orval," anatero Lorna. Anayang'ana mapazi awo, anayang'ana munda wake woyera uja.

Anayimabe pamenepo kanthawi, ngati akudikira kuti wina awauze chochita. Pabwalopo tinalipo akazi oposa makumi awiri, ambiri a ife amene bambo ameneyu anatilimirapo kapena analimira amayi athu. Panali mipando, panali khofi wotentha, panali moto m'nyumba. Ine ndinali pafupi kuposa onse, ketulo yaikulu ija ili m'manja, ndipo mawu akuti valani nsapato, achimwene, mudwala, anali pakamwa penipeni. Sanatuluke. Maso anga anali pa masokosi awo, ndikufufuza ngati sipanakakamire kamuzu.